Chifukwa Chake Sindikumunyamula Tadala

Estere mwana wanga,

Lero ndi Lachinayi masana, ndakhala kuseri kwa khola la nkhuku, pa mpando wanga wotsimphina uja. Iwe uli m'nyumba ukulongedza, ndipo mmene ukumenyetsera chitseko cha kabati ndikudziwa kuti sunandikhululukire. Kabatiyo isiye, sinalakwe. Wolakwa ali kuno, ndi mphuno yomwe ikudontha ngati mpopi wa kumalayini a antchito. Ndasamba m'manja ndi sopo ndisanagwire pepalali, koma ukatha kuwerenga usambe nawenso. Sindikuseka.

Mawa ukunyamuka ndi Tadala kutsatira amuna ako ku Lilongwe, ndipo mukayamba mwaima kwa apongozi ako ku Bvumbwe kuti mukapembedze nawo Sabata. Lero ndi tsiku lachisanu ndisakumunyamula mdzukulu wangayo. Dzulo unandibweretsera mpaka pamanja, ine ndi kubwerera chambuyo mpaka ndinaponda mbale ya galu. Unati, "Ababa, ngati mwanayu simukumufuna chifukwa sitinamutche dzina la amayi anu, ingonenani." Ine ndinaseka. Amayi ako akuti kusekako kunali kwa munthu wopanda mutu, ndipo akhala nane nthawi yaitali, mutu wanga akuudziwa. Vuto langa ndi loti ndikatsegula pakamwa pamatuluka nthabwala ngakhale pamaliro. Ndiye ndati ndilembe. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, ukaona chilembo chagona chagada uchidzutse wekha.

Ndiyambe ndi uchitsiru wanga woyamba. Zaka zambiri ndikuthyola tiyi pa esiteti ino ndinkakhulupirira kuti chimfine chimabwera ndi chiperoni. Nkhungu ikangotsika m'mapirimu ndinkamanga thaulo kumutu, pamwamba pake zipewa ziwiri, anzanga ndi kumanditcha Mfumu ya Kabichi. Chimfine chinkandipezabe. Tsono kunali a Dinala, mlonda wa kudamu, amene ankakhala okhaokha kuchigwa kuja kumene nkhungu imachoka dzuwa litafika kale pamutu. Munthuyo zaka zinkatha osayetsemulako. Tsiku lina anabwera ku ukwati kumalayini, anavina, anagwirana chanza ndi mudzi wonse, anamwera thobwa m'kapu yomwe tonse tinkamwera. Patapita masiku anayi ndinawapeza maso ali psuu, akuminira m'tchire la tiyi. Ndinati, "A Dinala, kodi nkhungu ya kudamu ija ndi yophika? Bwanji yakusungani zaka zonsezi, ukwati wa tsiku limodzi ndi kukugwetsani?" Anandiyankha kuti ndimafunsa mafunso ngati mwana. Sananame.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuchizonda chimfine ngati wapolisi. Atandikweza kukhala kapitawo wa gulu la othyola, ndinkaona bwino mmene chikuyendera. Lolemba ayetsemula mmodzi. Pofika Lachinayi, awiri amene amakhala naye pambali pa thirakitala nawonso mphuno zayamba. Sabata inayo chalowa m'nyumba zawo. Pa diramu la tiyi wathu wa m'mawa panali kapu imodzi ya pulasitiki, yomangidwa chingwe kuti isabedwe. Kapuyo sinabedwe ndithu, koma chimfine inachigawa mwachilungamo, palibe anadandaula kuti amumana. Chinandidabwitsanso n'chakuti nthawi ya mvula, kunja kukutentha, tiyi akuphuka moti manja sapuma, chimfine chinkabweranso mwamphamvu, chifukwa tinkapanikizana m'shedi yoyezera masamba pothawa mvula, mphuno ya uyu pakhutu la uyu. Choncho mwana wanga, usalimbane ndi mphepo yokha. Chipewa umuveke Tadala, inde, koma chimfine chimabwera ndi anthu, ndipo kawirikawiri ndi anthu amene amakukonda.

Uchitsiru wachiwiri ndi umene wandikhazika kuseri kwa khola kuno. Ukuudziwa mthuthuthu wanga. Palibe mwana wobadwira kumalayini amene sanaulawe: ndimamunyamula, kuika milomo pamimba pake kapena patsaya, ndi kuliza njinga yamoto, kusintha magiya mpaka mwana aseke kapena akodze. Azimayi ankachita kundibweretsera makanda awo akangotuluka m'chikuta. Iwe unabadwa mvula ili pakati, ndipo uli ndi milungu isanu ndi umodzi ine ndinabwera kuchokera kumunda ndi kachimfine. Kanali kachabechabe, pakhosi kuyabwa, mphuno kunyowa, ntchito sindinajombe ngakhale tsiku limodzi. Ndinakupeza uli pamphasa, ndi kukukweza mthuthuthu wochokera kuno mpaka ku Goliati, ulendo wopita ndi wobwerera. M'mawa mwakenso. Ndinkayetsemula, kupukuta ndi dzanja, dzanja lomwelo ndi kukugwira kamphuno kako.

Tsopano werenga pang'onopang'ono, chifukwa ndikufuna uzione mmene zinayendera. Patapita masiku ngati anayi unayamba kutuluka timamina toyera ndi kuyetsemula. Tinkaseka, kayetsemulidwe kako kanali ka mwana wa mphaka. Tsiku lotsatira kunabwera chifuwa, thupi ndi kutenthako pang'ono. Lotsatiralo m'chifuwa mwako munayamba kulira kamluzu, ngati ketulo imene yatsala pang'ono kuwira. Kenaka bere linayamba kukukanika: unkayamwa kawiri, kulisiya kuti upume, kuyamwanso kawiri, kulira. Thewera linkakhala louma kuyambira m'mawa mpaka masana. Amayi ako anati tipite kuchipatala. Ine, dokotala wamkulu wa sitandade faifi, ndinati wangokhuta. Ndinapita kugolosale kukagula makapisozi, kutsegula limodzi, kusungunula m'supuni ndi kukumwetsa. Ndinatseka windo ndi thumba la feteleza, ndi kulowetsa mbaula m'chipinda kuti ufundidwe. Ndiye kuti kamwana koti mpweya ukukavuta ndinakaonjezera utsi. Usadzachite zimenezo, ngakhale akuuze ndi munthu wa imvi.

Chinakupulumutsa ndi kusamba. Masana a tsiku limenelo amayi ako anakuvula kuti akusambitse, ndipo anandiitana m'Chilomwe. Ukudziwa kuti amayi ako akasiya Chichewa ndi kulowa Chilomwe, nthabwala zatha. Nditayang'ana ndinaona khungu la pansi pa nthiti zako likulowa m'kati nthawi iliyonse ukakoka mpweya, ngati pali wina akulikoka ndi chingwe. Timphuno tako tinkatseguka ndi kutsekeka. Unkapuma mothamanga, ndipo milomo inali itayamba kuda. Masiku onsewo tinkakufunditsa nsalu zitatu, ndiye tinkangoona nkhope, nkhope n'kumatinamiza. Ichi usunge kuposa zonse zili m'kalata muno: Tadala akayamba chifuwa, umuvule, uyang'ane nthiti.

Ndinakweza amayi ako panjinga iwe uli kumsana, mpaka kuchipatala cha mishoni, zitunda zonse zija osatsikapo. Nesi amene tinamupeza sanatipatse n'komwe moni, anangokulanda ndi kuthamanga nawe. Titakuonanso unali ndi timapaipi ta mpweya m'mphuno. Unakhalamo masiku asanu ndi limodzi. Tsiku loyamba lomwelo nesiyo anandifunsa kuti, "Bambo, kunyumba kuli amene ali ndi chimfine?" Hanki inali m'manja mwangamu. Ndinaikankhira m'thumba la buluku ndi kunena kuti kulibe. Amayi ako anandiyang'ana, ndipo mpaka lero nkhaniyo sanaiyambitsepo.

Nkhani sinathere pamenepo. Nthawi imeneyo tinkakhala ndi amayi anga, agogo ako a Rozina, amene iwe umangowadziwira pa chithunzi chili pakhoma chija. Anali okalamba ndipo anali ndi mphumu. Inu muli kuchipatala, ife awiri tinkadyera mbale imodzi, kumwera kapu imodzi. Anayamba ngati iwe, mamina ndi chifuwa. Ine maganizo onse anali pa iwe, ndipo iwo ankati, "Pita kwa mwana, ichi n'chifuwa cha ukalamba." Mmene iwe unkatuluka, iwo anali asakutha kuyenda kuchoka pakhonde kufika kuchimbudzi osaima kuti apume. Tinawatengera kuchipatala chomwecho mochedwa. Madokotala anati chasanduka chibayo. Sanabwereko. Pamaliro anthu ankati ndi ukalamba, ena ankati ndi mphepo, ine ndinkangovomera zonse. Ndiye zoti mwana wako sanatchedwe Rozina sizikundivuta mpang'ono pomwe. Dzinalo ndimaliopa kulitchula.

Zaka zonsezi funso limodzi lakhala likundiyabwa. Chimfine chinali chimodzi, nyumba imodzi, anthu atatu. Ine chinangondinyowetsa hanki. Iwe chinakuika pa mpweya. Amayi chinawatenga. Chimasankha bwanji? Chili ndi maso? Ndinafunsapo abusa, anandipempherera. Ndinafunsapo kalaliki wa kufakitale amene anafika fomu folo, anandiuza kuti magazi amasiyana, basi. Yankho ndalipeza chaka chino, pamene Tadala anafulumira kubadwa mwezi ndi theka masiku asanakwane, iwe uli naye m'chipinda cha ana osakhwima chija. Ukukumbukira kuti ndinkasowa nthawi yoona odwala? Unkaganiza kuti ndikucheza ndi ogulitsa nthochi pageti. Ndinali pa benchi ndi nesi wina wachitsikana wa ku Chimaliro, ndikumupanikiza ndi mafunso mpaka anati, "Agogo, inu mukanaphunzira bwenzi tonse tili pa ulova."

Anandiuza kuti chimene timangochitcha chimfine si chinthu chimodzi. Pali tizilombo tamitundumitundu tosaoneka ndi maso, mavairasi, ndipo kamene iwo amakaopa kwambiri pa makanda amakatchula ndi zilembo zitatu, RSV. Ndinati imeneyo ndi nambala ya lole. Anaseka, kenaka anatenga kaphesi ka udzu pansi ndi kundionetsa kabowo kake. Akuti njira za mpweya m'mapapo a khanda n'zazing'ono choncho, pamene zanga zili ngati paipi yothirira nazale. Kachilomboka kakalowa, njirazo zimatupa ndi kudzaza mamina. Paipi yaikulu madzi amadutsabe, kaphesi kamatsekeka. Ndinamufotokozera za iwe ndi agogo ako, ndi kumufunsa ngati kanali komweko. Anati, "Sitingadziwe, agogo, nthawi imeneyo sanayeze. Koma mmene mukufotokozeramu, zikufanana." Ndinamukonda chifukwa sananamizire kudziwa.

Ndinamufunsa kuti kamagwetsa ndani. Anawerenga pa zala: makanda, makamaka amene sanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi, obadwa masiku asanakwane, ana obadwa ndi vuto la mtima kapena la mapapo, okalamba, makamaka a mphumu ndi a mtima, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake chinatsika. Zala ziwiri zoyambazo, Estere, zonse ndi za Tadala. Ndinafunsanso za makapisozi anga aja. Anati amenewo amapha tizilombo ta mtundu wina, kavairasi samakakhudza n'komwe. Kwa mwana amene chamugwira pang'ono, mankhwala ndi bere pafupipafupi ndi kumuchotsa mamina kuti apume. Kwa amene chamulowa m'chifuwa, ndi mpweya wa kuchipatala, ndipo umenewo kugolosale kulibe.

Za mmene kamayendera, zambiri zinagwirizana ndi upolisi wanga wa kumunda. Kamauluka m'timalovu munthu akayetsemula kapena kutsokomola. Kamakwera pa dzanja. Kamadutsa pompsompsona. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti kamatha kudikira maola angapo pa chogwirira chitseko, pa tebulo, pa foni, kudikira dzanja lina ngati munthu wodikira minibasi pa siteji. Ndipo munthu akhoza kukagawa tsiku limodzi kapena awiri asanadziwe kuti wadwala. Pamenepo ndinakumbukira beseni lathu losambiramo m'manja tikamadya, akulu kuyamba, ana kumaliza. Ndinkakonda kunena kuti womaliza akusamba mu supu. Sindinkadziwa kuti ndikunena zoona. Kwanuko muzithirirana madzi ndi jagi, sopo ali pomwepo, ndipo aliyense wofuna kugwira mwana ayambe wadutsa pa jagiyo, ngakhale atavala suti.

Ndinamufunsanso kuti, nanga mwana tizimubisa mpaka atamera ndevu? Anati ayi, pafupifupi mwana aliyense amakumana nako akadali wamng'ono, ndipo kamabwereranso ngakhale kwa akulu. Nkhani ndi yoti kasamupeze pano, mapapo akadali anthete. Kakamupeza atakulako, nthawi zambiri kamangokhala chimfine wamba. Ndiye sitikumanga mpanda wa moyo wonse. Tikungopempha miyezi ingapo.

Tsopano za ku Bvumbwe. Ine ndikudziwa mmene zikakhalire Loweruka, chifukwa ndakhala mbali ya olakwa zaka makumi atatu. Mapemphero akangotha azimayi a mpingo akakuzungulira. Mwana akachoka m'manja mwako, akayenda benchi yonse ngati mbale ya mgonero, aliyense kumuvundukula, kumugwira tsaya, kumumpsompsona, kunena kuti mphuno ndi ya abambo ake. Kunyumba kukakhala tiana ta alamu ako, ta sukulu, mamina ali mizere iwiri, tikulimbirana kumunyamula. Amenewo ndiwo malole enieni a katunduyu. Ndipo iwe ndiwe mtengwa watsopano pakhomopo, ukaopa kuti akati mkazi wa ku tiyi ndi wonyada, akuyesa mwana wake ndi dzira. Ndikukudziwa. Uli ndi ulemu wa amayi ako, umamwetulira ngakhale akukuponda phazi.

Ndikupatse machenjera a mdala wopulupudza. Tadala umumange pachifuwa m'kati mwa nsalu monga anakuphunzitsa kuchipatala muja, chifukwa mwana womangidwa pachifuwa cha mayi ake anthu amachita manyazi kumusolola. Wina akatambasula manja, umuonetse kaphazi, unene kuti anesi analamula kuti miyezi ino azionedwa ndi maso. Akaumirira, undinamizire ine. Unene kuti bambo anga ndi munthu wovuta, wamisala pang'ono, anandilumbiritsa. Mbiri yanga inaonongeka kale, palibe chimene ungaonjezere. Amuna ako uwauze lero pa foni kuti aimbire kwawo, mawuwa ayambe ndi iwo, chifukwa kwawo mawu a mwana wa pakhomo amalowa msanga kuposa a mtengwa. M'minibasi ukhale pa windo ndipo ulitsegule pang'ono, ngakhale ena adandaule za tsitsi lawo. Ndipo zonsezi zikalephera, mwana n'kuyamba chifuwa, usachite manyazi kumuvula pamaso pa anthu. Yang'ana nthiti. Akamapuma mothamanga, akamakana bere, thewera likamauma, akangoti lefuu osafuna kudzuka, kapena akamaima kupuma kwa kanthawi, thupi likatentha, usadikire kuti kuche bwino kapena kuti Sabata lituluke. Pita kuchipatala. Ndipo akakufunsa ngati kunyumba kuli wa chimfine, unene zoona.

Ukafika ku Lilongwe undifunsireko zinthu ziwiri kwa madokotala a kumeneko, poti nesi wanga uja anamusamutsa ndisanamalize naye. Choyamba, n'chifukwa chiyani chikuku munthu amadwala kamodzi basi, koma kameneka kamabwerera ngati mlendo amene anaiwala chipewa? Chachiwiri, ndinamva pa wailesi kuti kumayiko ena kuli jakisoni amene amabaya mayi woyembekezera kuti mwana abadwe atatetezedwa kale ku kachilomboka. Kodi ndi zoona, ndipo kuno adzafika ife tikadali ndi mano? Ulembe yankho lake bwinobwino, usandidulire.

Pali chinthu china chimene ndachita m'mawa uno osakuuza, ndipo mwina ukwiya kuposa dzulo. Ndinabwereka foni ya amayi ako ndi kuwaimbira apongozi ako. Ndinayamba ndi nthabwala za mitengo ya tomato wawo, monga mwa masiku onse, kenaka ndinawafotokozera zonse zili m'kalata muno, mpaka za hanki. Ndi munthu woyamba kumva za hankiyo kuchokera pakamwa panga. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza ndinamva akutsokomola, chifuwa chonyowa. Ndinati, "Asebele, chimenecho chayamba liti?" Anati Lachiwiri. Kenaka anati, "Ndiye mukuti mdzukulu wanga woyamba, amene ndamusokera kale malaya atatu, afike pakhomo panga ine ndingomuyang'ana ngati katundu wa m'sitolo?" Ndinati inde, mayi. Anati amva, ndi kudula foni.

Sindikudziwa kuti "ndamva" ameneyo ndi wa mtundu wanji. Mwina mawa madzulo mukawapeza ataima patali, manja ali kumbuyo. Mwina akathamangira minibasi isanaime n'komwe, manja ali mwamba, akuimba, ndipo ine sindingawadzudzule, chifukwa ndikudziwa mmene manja amayabwira. Zikatero, palibe nesi, palibe ine, pali iwe wekha. Ugwade, uwapatse moni wonse woyenera, uwalole alire ngati akufuna kulira, koma mwana asachoke pachifuwa pako. Akhoza kukusungira mawu chaka chathunthu. Zimenezo zimapola.

Mawa ndikunyamulira chikwama mpaka kumsewu, koma ndiziyenda kumbuyo, usandidikire. Ine, amene sindinaonepo khanda ndi kulisiya, ndakwanitsa masiku asanu nditakhala ndi nkhuku. Apongozi ako ukawapemphe masiku awiri okha.

Ndine bambo ako,
amene sanasiye kukunyamula ngakhale unalemera.